Katundu wosungitsa ndiye amatha malo m'nyumba

Amayi inu amene mwafunsa chochita ndi chipinda chimene chadzaza katundu, musanagule mashelefu amene ena akukulangizani, yambani mwaona kuti mwa zonse zadzaza m'chipinda chanucho zanu zenizeni ndi ziti. M'nyumba zambiri za lendi kuno ku Lilongwe, kaya ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Chinsapo, malo amatha ndi katundu wa achibale amene anabwera ndi mawu oti "mutisungireko pang'ono".

Ine alamu anga atasamutsidwa pantchito kupita ku Mzuzu anatisiyira matumba a chimanga a makilogalamu 50, matiresi awiri, makatoni omanga ndi zingwe komanso njinga yopanda matayala, ndipo analonjeza kuti adzatenga akangopeza nyumba. Nyumba anaipeza, koma katundu sanamutenge. Chimangacho anatitsimikizira kuti anathira mankhwala, pamene sanathire ngakhale pang'ono. Mvula ya mu Januwale itakhazikika, fungo la nkhungu linayamba kutuluka pansi pa chitseko, ndipo tsiku limene tinasuntha matumbawo pansi ponse panali ufa wa anankafumbwe, amene anali ataboola ngakhale miyendo ya tebulo. Makoswe anali ataswera m'matiresi. Chimene chinandiliza ndi sutikesi yanga imene inapanikizika kuseri kwa makatoniwo, chifukwa munali zitenje za malemu mayi anga, satifiketi yanga ya MSCE ndi mabuku a kusikelo a ana. Zitenje zinali zitamatana ndi chinyezi, moti ndikati ndifunyulule chimodzi chinkang'ambika m'manja, ndipo satifiketi inali itadyedwa mbali yonse imene kumakhala dzina.

Tinatentha matiresi, chimanga tinapatsa woweta nkhumba, njinga tinagulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakale. Alamu aja atamva anafika ndi mkwiyo, nanena pamaso pa apongozi ndi ankhoswe kuti ndinagulitsa chuma chawo n'kudya ndalama. Munthu amene sanaimbe foni n'kamodzi komwe kufunsa za katundu wake anatchula mtengo wa chinthu chilichonse, mpaka mapoto obooka amene anali m'makatoni. Za zitenje za mayi anga palibe amene anafunsa, ndipo mpaka lero mawu oti pepani sindinawamve.

Choncho tulutsani zonse panja tsiku ladzuwa, makamaka mvula isanayambe mu Novembala, ndipo chilichonse chimene simunachigwire chaka chathunthu chichoke osachimvera chisoni. Zovala zimene ana anakula nazo perekani kutchalitchi kapena kumudzi, pakuti kaunjika sadzatha pamsika wa Tsoka. Zigubu za mafuta ophikira ndi mabotolo, zimene timaunjika poganiza za tsiku limene madzi adzasiye kutuluka pampopi, sungani zochepa zokhala ndi zotsekera. Chimanga chikhale m'matumba a PICS, amene salowa mpweya ndipo anankafumbwe amafera momwemo, ndipo matumbawo muwasanjike pamatabwa, osakhudza simenti kapena khoma. Mapepala ofunika akhale m'chidebe chapulasitiki chotseka bwino, kuchipinda chogona.

Komabe katundu wa mwini musamutaye, ngakhale ataola pamaso panu. Mujambuleni, tumizani zithunzi pa WhatsApp kwa mwiniwake ndi kwa wamkulu mmodzi wa kubanja, tchulani tsiku lodzatengera, ndipo uthengawo muusunge. Tsikulo likadutsa mulipirire galimoto mumutumizire, ndalamayo ingokupwetekani kamodzi. Wina akadzabweranso kudzasungitsa mukane ndithu, pokhapokha ngati ali apongozi, chifukwa amenewo mukawakaniza mlandu wake udzaposa wa makoswe.