Tifunseni: Mawu a Chingerezi Akundithawa m'Mutu

FUNSO: Ndikukonzekera mayeso a IELTS, oyesa luso la munthu pa Chingerezi. Tsiku lililonse ndimaloweza mawu 40 a mu dikishonale, koma ikangotha sabata ambiri ndimakhala nditaiwala, ndipo polemba nkhani palibe ndi limodzi lomwe limabwera. Ndikulakwitsa pati? — Mtsikana wa zaka 22

YANKHO: Achemwali, mutu wanu ulibe vuto. Mawu 40 pa tsiku ngochuluka, komanso dikishonale siikuuzani kuti ofunika kwambiri ndi ati. Yambani ndi mndandanda wotchedwa Academic Word List, womwe Averil Coxhead wa ku Victoria University of Wellington, ku New Zealand, anatulutsa mu 2000. Muli mabanja a mawu 570 amene amabwerezabwereza m'mabuku a kuyunivesite, ndipo anawaika m'magulu 10. Gulu loyamba ndi la mawu opezeka kawirikawiri, monga "analyse", "assume", "evident" ndi "significant". Mukamatenga mabanja 8 pa tsiku, mndandanda wonse mumaliza m'masabata pafupifupi 10.

Tikuti mabanja chifukwa liwu siliyenda lokha. Amene wadziwa "analyse" adziwenso "analysis" ndi "analytical", ndipo adziwe pomwe lililonse limakhala m'chiganizo. Samalani ndi achibale ofanana nkhope koma osiyana khalidwe: "economic" ndi za chuma cha dziko, pomwe "economical" ndi chinthu chosawonongetsa ndalama.

Tsopano za kuiwala. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa za maganizo wa ku Germany, anasonyeza kale mu 1885 kuti zimene munthu waloweza zimayamba kutayika msangamsanga m'maola ndi masiku oyambirira. Mankhwala ake ndi kubwereza motalikitsa nthawi pang'onopang'ono. Dulani timakadi. Kutsogolo lembani chiganizo chosiya mpata, monga "The results had a ______ effect on policy", ndi tanthauzo lachidule la liwu losowalo. Kuseri lembani liwulo, katchulidwe kake ndi mawu awiri kapena atatu amene limayenda nawo. Pezani timabokosi titatu. Makadi a m'bokosi loyamba muziwaona tsiku lililonse, a lachiwiri pakatha masiku atatu, a lachitatu kamodzi pa sabata. Mukakhoza, kadi isamukire bokosi lotsatira. Mukalephera, ibwerere loyamba ngakhale inafika kale lachitatu. Njirayi anaifalitsa ndi Sebastian Leitner wa ku Germany m'ma 1970, ndipo pulogalamu ya Anki imachita zofananazo pa foni kapena pa kompyuta.

Pamene ambiri amadzinamiza ndi apa: amatembenuza kadi asanayankhe, n'kunena kuti "eya, ndimalidziwa ili". Kuzindikira liwu mukaliona n'kosiyana ndi kulitulutsa nokha m'mutu, ndipo polemba nkhani chofunika n'chachiwirichi. Tchulani yankho mokweza kapena lilembeni, kenako tembenuzani. Madzulo lembani ziganizo zanuzanu zitatu ndi mawu a tsikulo.

FUNSO: Mnzanga akuti kuti ndipeze malikisi ambiri ndizichotsa mawu osavuta n'kuikapo akuluakulu ochokera mu thesaurus, buku la mawu ofanana tanthauzo. N'zoona? — Mphunzitsi wa pulaimale

YANKHO: Aphunzitsi, malangizo amenewo agwetsa ambiri. Pa gawo lolemba la IELTS, kagwiritsidwe ntchito ka mawu, komwe amakutcha Lexical Resource, ndi chimodzi mwa zinthu zinayi zimene ochonga amayang'ana, ndipo zonse zinayi n'zolemera mofanana. Iwo amafuna mawu osiyanasiyana, inde, koma oikidwa pamalo pake ndiponso olembedwa ndi sipelo yolondola. Thesaurus imangoika pamodzi mawu oyandikana tanthauzo. Ikupatsani "notorious" m'malo mwa "famous", inu n'kulemba "a notorious doctor" pofuna kutamanda dokotala, osadziwa kuti mwamunena kuti ndi wotchuka ndi zoipa.

Chimene chimaonetsa kuti munthu Chingerezi wachigwira ndi kudziwa mawu oyendera limodzi. Ife timati mvula yamphamvu, ndiye dzanja limathamangira kulemba "strong rain", koma eni chiyankhulo amati "heavy rain". Amati "make a mistake", osati "do a mistake". "Conduct research", "pose a threat", "draw a conclusion". Palibe lamulo lofotokoza zimenezi, n'zongozolowera. Choncho muziwerenga nkhani imodzi yozama tsiku lililonse, ya sayansi, zachuma kapena zachilengedwe, n'kumakopera timagulu ta mawu tathunthu, osati liwu limodzilimodzi. Ngati liwu simunalionepo m'ziganizo zenizeni kangapo konse, musalitengere m'chipinda cha mayeso.

FUNSO: Nanga ndikakumana ndi liwu lachilendo pakati pa mayeso owerenga? — Wophunzira wa unamwino

YANKHO: Musaime. Malizani chiganizocho ndi chotsatira chake, chifukwa nthawi zambiri funso silidalira liwu limenelo. Ngati likudalira, liphwanyeni. Mawu ambiri a m'maphunziro anachokera ku Chilatini ndi Chigiriki: "bene" ndi zabwino, "mal" ndi zoipa, "spect" ndi kuona, "chron" ndi nthawi. Mukatero "malnutrition" ndi "chronological" sakuopsaninso. Koma fananitsani zimene mwaganizazo ndi chiganizo chonse, poti ena amapusitsa: "invaluable" ndi chinthu chamtengo wapatali zedi, ndipo "inflammable" ndi chinthu chosachedwa kuyaka moto.