Ndigulitse ng'ombe zili zowonda kapena ndiyambe ndazinenepetsa?

Funso la sabata ino lachokera kwa bambo wina wa ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Akuti ali ndi ng'ombe zofula 6, zazaka ziwiri ndi theka mpaka zitatu, zina ndi zachikuda zina ndi makolosi a Brahman. Mavenda akubwera pakhomo kufuna kugula pompano mu June zili choncho, koma mnzawo wina akuwauza kuti azitsekere m'khola miyezi itatu inayi azigulitse zitanenepa. Vuto lina mu September pakufunika fizi ya ana awiri. Ndiye akufunsa, chabwino nchiti?

Bambo, choyamba ndikufunseni, mukanenepetsa mudzagulitsa kwa ndani? Ili ndi funso loyamba ndithu, lisanabwere la madeya. Ngati wodzagula ndi venda yemweyo wobwera pakhomo, kuyizungulira ng'ombe kawiri, kuyimenya pambuyo nkutchula mtengo wa m'maso, dziwani kuti mafuta onse mwavutikira aja phindu lake adzadya ndi iyeyo, chifukwa maso a wogula sawona makilo onse, amawona amene akufuna kulipira basi. Kunenepetsa kumalipira pamene pali sikelo, kaya ng'ombe ikuyezedwa yamoyo kaya akuyeza nyama ikaphedwa kubutchala. Ndiye musanagule thumba ngakhale limodzi pitani kumsika wa ng'ombe, yendani m'mabutchala a ku Nchalo, imbani foni kwa ophera nyama ku Blantyre, afunseni amagula bwanji pa kilo, ng'ombe yonenepa ndi yowonda amasiyanitsa mtengo kapena ayi, amalipira tsiku lomwelo kapena mumadikira, nanga thiransipoti yokwera nayo Thabwa alipira ndani.

Tsopano masamu ake. Tengani ng'ombe imodzi ya makilo 250. Patsiku imafuna chakudya chouma pafupifupi makilo 7, tinene 4 akhale madeya ena onse akhale mapesi, masangwi a mtedza ndi udzu. Masiku 100 ndiye kuti madeya makilo 400, matumba 8 a makilo 50 pa ng'ombe imodzi, zonse 6 matumba 48. Ng'ombe yachikuda yodya chonchi mukaisamala bwino muziyembekezera kuti iziwonjezera theka la kilo kapena kupitirirako pang'ono patsiku, makolosi amatha kuposa apo. Tinene yawonjezera makilo 60. Koma 60 imeneyo ndi yamoyo, ikaphedwa nkuchotsa chikopa, mutu, ziboda ndi zam'kati, nyama yotsala pa mbedza imangopitirira theka pang'ono, ndiye tikukamba makilo 30 ndi kanthu. Lembani papepala mtengo wa matumba 8 lero lino, muwonjezere mchere, mankhwala a njoka zam'mimba, dibi wa nkhupakupa, malipiro a mnyamata wotunga madzi ndi kudula udzu, mbali inayo mulembe mtengo wa makilo 30 a nyama. Ambiri akafika pamenepa amadabwa kuti ziwirizi zangotsala pang'ono kufanana.

Nanga phindu limachokera kuti? Limachokera pa makilo akale aja. Ng'ombe yowonda imagulidwa motchipa thupi lonse, ikadzaza minofu nkukhala ndi mafuta pang'ono mtengo wa pa kilo umakwera pa thupi lonse, osati pa 60 yowonjezera yokha ayi, ndiponso gawo la nyama limakula poyerekeza ndi mafupa ndi mimba. Apa mpamene pali ndalama, ndipo nchifukwa chake ndalimbikira za sikelo ndi wogula wosiyanitsa magiredi. Mavenda akukuvutitsaniwo ena mwa iwo akufuna akachite zomwezi, agule kwa inu motchipa akanenepetse okha.

Za madeya ndikhalitsepo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu amagwera. Mtengo wa madeya umatsatira chimanga, umatsika anthu akangokolola May mpaka July, kenako umakwera kulowera October. Chaka cha njala ndiye zimavuta zedi, kumbukirani 2024 ng'amba ya El Niño itachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28, nthawi ngati imeneyo madeya anthu amawadya okha ndipo a nkhuku ndi nkhumba nawo amalimbirana pachigayo pomwepo. Munthu amene amayamba ndi matumba 10 nkumati ena ndizigula pang'onopang'ono amapezeka pakati pa ulendo ndalama zatha, ng'ombe yabwerera ku udzu wouma, makilo aja ayamba kusungunuka. Ngati simungathe kugula ndi kusunga chakudya chonse pachiyambi, chepetsani ng'ombe zolowa m'khola. Ndipo madeya okha alibe mphamvu yokwanira yomanga minofu, pamafunika masangwi a mtedza, masamba a lukina kapena keke wa thonje mukamupeza, kumeneko muli ndi mwayi poti thonje limalimidwa komweko. Muziyambitsa pang'onopang'ono sabata ziwiri zoyamba, ng'ombe yozolowera kutchire mukaipatsa madeya ambiri tsiku loyamba imatupa mimba mpaka kufa kumene.

Chinthu china chovuta kwanuko ndi matenda a zilonda zam'kamwa ndi m'mapazi. Ku Chikwawa ndi Nsanje amabuka kawirikawiri, njati za ku Lengwe zimasunga kachilomboka, ndipo akangobuka boma limatseka misika nkuletsa kuyendetsa ziweto. Tangoganizani ng'ombe zakwana kugulitsa, msika watsekedwa, zikudyabe tsiku lililonse. Funsani alangizi a ziweto za katemera ndi mmene zinthu zilili panopa, chiphaso choyendetsera ng'ombe nachonso mudzachipeza kwa iwo omwewo. Kutentha kwa October ndi November kuchigwa nakonso kumachepetsa kudya, ndiye khola likhale la mthunzi ndipo madzi malita 30 mpaka 40 pa ng'ombe patsiku asasowe. Akuba nawo amakonda yonenepa, khola likhale pafupi ndi nyumba.

Ngongole ayi. Musatenge ndalama ya katapila kapena ya banki mkhonde yobweza ndi chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi kuti mugule madeya, phindu la kunenepetsa ndi lochepa moti miyezi inayi ya chiwongoladzanja imalimaliza lonse.

Ine maganizo anga ndi awa. Fizi ya September siyingadikire ng'ombe zolowa m'khola kumapeto a June, masiku 100 akukufikitsani mu October. Gulitsani ziwiri kapena zitatu panopa zikadali ndi thupi la msipu wa dzinja, chifukwa zikangokhala kutchire mpaka September zidzakhala zitatsika ndipo nthawi imeneyo aliyense amakhala akugulitsa za fizi mitengo nkugwa. Musankhe zogulitsazo zikhale zazing'ono thupi, zaukali kapena zosadya bwino. Pa ndalamayo patulani fizi muisunge padera osaikhudza, yotsalayo mugule madeya onse a ng'ombe zitatu zabwino zija, makamaka makolosi a msana wotambalala. Kwacha yathu mukuidziwa, November 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndiye kusandutsa ng'ombe zonse 6 kukhala ndalama zongokhala m'nyumba sindingakulangizeni.

Zitatuzo muzigulitse mu October nyengo ya maukwati, kapena muchedwetse kuzilowetsa mpaka kumapeto a August kuti zikwane cha ku Khirisimasi, koma madeya ake mugule panopa. Gulani tepi yoyezera kulemera kwa ng'ombe pachifuwa kapena mubwereke kwa alangizi, muziyeza tsiku lolowa ndi sabata ziwiri zilizonse nkumalemba m'kope, ina ikaima osakwera mwezi wathunthu ituluke igulitsidwe. Ndipo ngati mwayenda monse osapeza wogula wa sikelo, musatsekere ngakhale imodzi, gulitsani za fizi zokhazo zinazo zibwerere kubusa.