Kukwera phiri pofuna kusonkha ndalama zachifundo: musathamangire Sapitwa

Achemwali ena ogwira ntchito pa ofesi ina muno mu Mzuzu anditumizira imelo. Akuti iwo ndi anzawo akuntchito agwirizana zokakwera Sapitwa ku Mulanje kuti asonkhe ndalama zogulira zofunda ndi sopo za odwala ku chipatala, abwana avomera, ndiye akufunsa kuti ayambire pati.

Achemwali, maganizowo ndi abwino zedi, koma ine ndikuti Sapitwayo musiyeni kaye. Kuchoka kuno kukafika ku Likhubula, poyambira kukwera phirilo, ndi ulendo wa tsiku lonse, Lilongwe mumudutse, Blantyre mumudutse, ndiye muwerengere mafuta, pogona, chakudya, kulipira okulondolerani njira ndi onyamula katundu, ndipo kukwera kokhako mpaka pa nsonga ya mamita 3,002 ndikutsika kumadya masiku osachepera awiri, ambiri amagona pa Chisepo, kanyumba ka okwera phiri. Mukadzaphatikiza zonsezo mupeza kuti ulendo wadya ndalama zoposa zimene mwasonkhazo, anthu nkumanena kuti amenewa amangofuna kokajambulitsa zithunzi za pa Facebook. Komanso phiri lija simasewera. Chifunga chikatsika sumuona mnzako ali pompa, mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anafera komweko atasiyana ndi womulondolera.

Ngati kuti kuno kumpoto kulibe mapiri! Ine ndikanakhala inu ndikanasankha Gorodi, msewu uja wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia. Ndi makilomita pafupifupi 15, makhona okhotakhota 20, mumachoka m'mbali mwa nyanja penipeni mpaka pamwamba pa Khondowe pomwe Dr Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894. Mukanyamuka ku Mzuzu mbandakucha, kutsika Chiweta, kuyamba kuyenda dzuwa lisanakwiye, masana mwafika, muone mathithi a Manchewe ndi Stone House, nyumba yakale ya Dr Laws, madzulo muli kwanu. Ubwino wake ndi msewu, ndiye galimoto ya ku ofesi itha kumabwera pambuyo ndi madzi, amene waphwa mpweya angokwera basi popanda manyazi. Ndipo musaudelere, pofika khona ya nambala 10 ngakhale anyamata odzitama aja amakhala ali wefuwefu, malaya ali chonyowa, nkhani zonse zatha. Phiri la Nganda ku Nyika nalonso ndi labwino koma msewu wa ku Chelinda umafuna galimoto yamphamvu.

Tsopano nkhani yeniyeni ndi ndalama, apa ndiye pamene magulu ambiri amayambanirana. Matumba akhale awiri. Thumba la ulendo musonkhe nokha, kapena kampani ilipire poti nayonso dzina lake limveka. Thumba la odwala lisakhudzidwe olo pang'ono, kaya wina akuti tibwerekeko ya mafuta tibweza pakutha pa mwezi, ayi. Za ma alawansi iwalani, uku sikusemina. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ikhale imodzi yodziwika, osati aliyense kumatolera pa yake, ndipo wosunga ndalama asakhale yekha, akhale awiri, sabata iliyonse aziponya pa gulu la WhatsApp kuti zalowa zingati. Aliyense akhale ndi fomu yake yopemphera, anthu azilonjeza mwina pa kilomita kapena pa khona iliyonse, zimakoma choncho chifukwa amalume akalonjeza pa khona amafuna umboni woti munafikadi pa ya 20. Koma tolerani musanapite. Malonjezo a pambuyo pa ulendo ndi ngongole zovuta kulonjerera.

Kukonzekera yambani mwezi wathunthu usanafike ulendo. Mzuzu ngwa zitunda kale, Loweruka lililonse m'mawa muziyenda limodzi, tsiku lina kulowera msewu wa ku Nkhata Bay. Nsapato zatsopano ayi, mubwera ndi matuza, valani zomwe mapazi anazizolowera. A BP ndi shuga aonane kaye ndi adokotala, ndipo abwana asakakamize munthu, wina atha kuthandiza kuphika kapena kulemba mayina. Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August, chifukwa October ku Chitimba kumatentha koopsa, mvula ikayambanso Gorodi amaterera.

Chinanso achemwali, musanagule kalikonse pitani kaye mukacheze ndi akuluakulu a chipatalacho, mwina inu mukuganiza zofunda pomwe iwo chikuwasowa ndi china. Malisiti onse muwajambule, onse amene anaperekapo awaone.