Kuoda masipeyala a makina kunja n'kuwasunga kuti asachite dzimbiri

Achimwene, mwafunsa kuti geni ya masipeyala a makina imene ndimachitayi imayenda bwanji, ndiponso ngati kachipinda kanu ka kuseri kwa nyumba, momwe mumawotchereramo zitsulo, kangakwane kusungiramo katundu. Ndiyankha zonse ziwiri, koma pa funso lachiwirilo ndikhalitsapo, chifukwa anzathu ambiri mpamba wawo unathera pamenepo.

Ine ndimaoda mabering'i, malamba a chigayo, madirilo, matapi odulira mazinga, matupa, ndodo zowotcherera, ndipo mwa apo ndi apo chuck ya lathe (chopanira chitsulo pa makina osemera zitsulo) munthu akachita kuitanitsa. Ogula anga ndi eni zigayo, amakanika, ndi anyamata owotcherera a ku Ndirande ndi ku Limbe. Ndimapita ku Johannesburg pa basi: kutulukira pa Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Ndi ulendo wa masiku awiri, ndipo pa Beitbridge mzere ukatalika umaposa pamenepo. Anzathu a kumpoto amakonda Dar es Salaam, kudzera pa Songwe ndi Mbeya, n'kukagula ku Kariakoo ndi ku Gerezani. Chitsulo n'cholemera, ndiye a basi amakulipiritsani kwambiri. Katundu akachuluka ndi bwino kumupereka kwa a mathiraki, inu n'kubwerera ndi kachikwama ka zing'onozing'ono zodula.

Pachipata musabise kanthu. Onetsani malisiti enieni kwa a MRA, khalani ndi TPIN yanu (nambala yanu yolipirira msonkho), ndipo katundu akakhala wambiri mudzafunika ejenti wokuombolerani. Pali chinthu china chimene oyamba kumene amanamizana. Amati chilichonse chogulidwa ku South Africa chimalowa pa msonkho wotsika wa SADC. Ayi. Mwayi umenewo ndi wa katundu wopangidwa m'mayiko a SADC, wokhala ndi chikalata chotsimikiza komwe anapangidwa. Bering'i yopangidwa ku China, ngakhale mwaigula pakati pa Joni, imalipira msonkho wake wonse. Werengeranitu zimenezi musanaike mtengo. Ndipo mtengowo muziuika poganizira ndalama imene mudzagulire katundu wina ulendo wotsatira, osati imene munagulira uyu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anatsala ndi ndalama yosakwana kudzazanso mashelefu.

Geni iyi ndi ya manambala. Mwini chigayo sanena kuti ndikufuna bering'i, amati ndikufuna 6205 kapena UCP 208. Kuyambira pa 04 kukwera, manambala awiri omalizira mukawachulukitsa ndi 5 mumapeza kukula kwa bowo: 6204 ndi mamilimita 20, 6205 ndi 25, 208 ndi 40. Ikalembedwa 2RS ndiye kuti yatsekedwa ndi labala mbali zonse, ZZ yatsekedwa ndi tizitsulo. Musanakwere basi, yendani m'zigayo ndi m'magalaji a kwanuko ndi kope, mulembe manambala omwe amawasowa kawirikawiri. Mukangofika m'mashopu a ku Joni opanda kope, chilichonse chimaoneka chogulika, ndipo paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chenjeraninso ndi mabering'i achinyengo olembedwa mayina a makampani odziwika monga SKF kapena NSK pabokosi. Mtengo ukatsika modabwitsa, siyani.

Tsopano za kusunga. Wogulitsa zovala kapena zodzola katundu wake amatha m'masabata ochepa. Wathuyu amayenda pang'onopang'ono. Tapi ya saizi inayake itha kukhala miyezi isanu ndi umodzi isanapeze mwini wake, ndipo nthawi yonseyo ikupuma mpweya wa m'chipinda chanu. Mvula yathu imayamba cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo kuno ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni amabweranso m'miyezi yozizira. Chinyezi cha mumpweya chikapitirira pafupifupi 60 peresenti, chitsulo chosadzozedwa chimayamba kuchita dzimbiri ngakhale dontho la mvula silinachikhudze.

Ndinaphunzira izi mowawa chaka changa chachiwiri. Ndinafika ndi katundu mu Januwale, ndili wotopa, ndipo makatoni awiri ndinangowatsitsa pansi pa simenti, pakona pomwe panali matumba a feteleza wobereketsa. Patatha masabata atatu kasitomala anabwera kudzatenga chuck imene anaitanitsa. Nditakweza katoni, pansi pake panali pofewa ngati buledi wonyowa. Chuck ija inali ndi mawanga ofiirira mbali yonse yomwe inagona pansi, ndipo kiyi nditamulowetsa, mano ake anakana kusuntha. Madirilo omwe anali m'katoni yachiwiri anamatirirana m'timapaketi tawo. Kasitomala uja anali atapereka kale theka la ndalama, ndipo ndinam'bwezera yonse. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti lathe yake inakhala chiimire mwezi wina wathunthu chifukwa cha ine.

Pa tsokalo panali zolakwika zitatu, ndipo ndikukhulupirira kuti zonse zilimo m'kachipinda kanuko. Simenti imakoka chinyontho kuchokera m'nthaka, katoni n'kuchimwa. Feteleza, mchere, ndi asidi wa mabatire zimadya chitsulo mofulumira kwambiri, ndiye siziyenera kugona chipinda chimodzi ndi katundu wanu ngakhale usiku umodzi. Chachitatu ndi denga. Malata opanda siling'i amazizira usiku, m'bandakucha amachita thukuta kunsi kwake n'kumadontha. Chitsulo cholemera nachonso chimachedwa kufunda, motero dzuwa likatuluka mpweya wofunda ukachikhudza, pamachita mame. Tayesani kugwira vaisi yanu yopanira zitsulo mmawa wa mu Febuluwale, mumva kunyowa m'manja.

Choncho pangani mashelefu otalikira pansi, osagunda khoma, ndipo ikani siling'i ngakhale ya mapulaiwudi otchipa pamwamba pa mbali yosungira katunduyo. Katundu akafika, mumasuleni tsiku lomwelo, kutopa kapena ayi, chifukwa malona a pathiraki amadontha ndipo m'ngolo ya basi mumalowa madzi. Makatoni onse akuluakulu onyamuliramo katunduyo atayeni. Nyuzipepala musakutire nayo chitsulo, imasunga chinyontho.

Mabering'i asiyeni m'mapaketi awo a kufakitale. Amabwera atadzozedwa kale mafuta oteteza, ndipo mukangotsegula mwayamba kuwaononga. Makasitomala amakonda kutsegula bokosi n'kumaizunguza bering'i pachala kuti amve ngati ikulira. Musalole. Thukuta la m'manja lili ndi mchere, ndipo pakapita masiku mudzaona chidindo cha chala chitasanduka dzimbiri. Ine ndimasunga imodzi yotsegula ya chionetsero, zinazo zimatsegulidwa munthu akalipira. Zikuluzikulu zigonekeni chafulati, osaziimika.

Zitsulo zopanda utoto, monga machuck, matapi, madirilo ndi zogwirira za Morse taper (zija zocheperachepera kumapeto, zolowetsa m'makina), zipukuteni ndi kansalu kouma, muzidzoze oyilo watsopano kapena girisi wopyapyala, kenako muzikute m'pulasitiki. Oyilo wakuda wochoka mu injini musagwiritse ntchito ngakhale ali waulere, ali ndi asidi ndi zinyalala. Mafuta opopera a WD-40 amathandiza kuchotsa madzi ndi kumasula zolimba, koma amauma, sangateteze chitsulo nyengo yonse ya dzinja. Ku Joni kumapezeka mapepala otchedwa VCI, omwe amatulutsa mpweya woletsa dzimbiri. Pa zinthu zodula monga zopimira za vernier ndi micrometer ndalama yake siipita pachabe. Madirilo ndi matupa asamagundane m'bokosi, mano amabuntha. Malamba safuna mafuta konse: akolekeni pamthunzi, kutali ndi dzuwa ndi oyilo, osawapinda kwambiri.

Zing'onozing'ono ndimaziika m'zidebe zapulasitiki zotseka bwino, muli timatumba ta silica gel, tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a zamagetsi. Timatumbati tikamwa chinyontho timakhuta, ndiye pakapita nthawi titenthetseni pang'ono mu uvuni wosatentha kwambiri kuti tiumenso. Zidebezo muzitseka masana kukakhala dzuwa. Mukatseka mmawa wa chifunga, mwatsekera chinyezi momwemo. Furiji yakufa, bola labala wa chitseko akhale wabwino, imasanduka kabati yabwino zedi. Ena amaikamo babu lakale lija lotentha kuti mukhale mofunda, koma ndi kuzimazima kwa magetsi kuno ine ndimadalira silica gel. Ndodo zowotcherera ndimazisunga m'menemo. Inu mukudziwa kale mmene ndodo ya 6013 yonyowa imathethekera, koma ya 7018 ndiye imamwa chinyontho msanga, ndipo paketi yake musaitsegule musanapeze wogula yonse.

Popeza chipindacho mumagwiriramonso ntchito, chiduleni pakati ndi thabwa kapena malata. Fumbi la girayinda ndi tizitsulo tosakanizika ndi mchenga wa mwala wake. Likagwera pa chitsulo chodzozedwa limamatirira, ndipo likalowa mu bering'i ndiye yatha isanagwire ntchito. Nsanza za oyilo nazonso zisakhale kumene kukugwera moto wowotcherera.

Dzimbiri likangoyamba pamwamba, limachoka ndi palafini ndi sitiliwulu wosalala, kenako n'kudzozanso. Pa taper kapena pamalo opimira musakhulepo ndi sandipepa wokhakhala, mungasinthe muyeso. Koma bering'i ikachita dzimbiri m'kati moyenda mipira, itayeni ku zitsulo zakutha. Mukaigulitsa, ikaphwanyika m'chigayo sabata isanathe, ndipo mwini chigayo akauza anzake onse a m'dera lake komwe anaigula. Lembani tsiku lofikira pa paketi iliyonse kuti wakale azituluka poyamba, ndipo m'nyengo ya mvula muzitsegula zidebe kamodzi pamwezi n'kuyang'ana.

Malangizo anga ndi akuti ndalama yoyamba ipite ku siling'i, mashelefu ndi zidebe, tikiti ya basi ibwere pambuyo. Mukakonza, nditumizireni zithunzi za denga ndi pansi pa chipindacho, pamodzi ndi manambala omwe mwatolera m'zigayo, tidzaone limodzi oyenera kuyamba nawo.