Musanatitchule amantha, pitani kaye ku Zolozolo

Achimwene, mawu anu oti Amalawi timakuwa pa Facebook kuti tiyeni ku mademo koma tsiku likafika timabisala chifukwa ndife amantha, muwabweze kaye. Anthu amagwirizana nazo zionetsero, ndipo kwambiri. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, inagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro ali pomwepo, ndiye mukuganiza kuti alipo wogona pa mzere wa mafuta ndi chigubu amene sakupsa mtima? Koma kupsa mtima ndi kwina, kutuluka pakhomo ndi kwina. Wakabaza akapanda kuyenda tsiku limodzi, mwini njinga madzulo akufunabe ndalama yake. Mayi wa tomato akatseka benchi, tomato sadikira chikalata cha madandaulo, amawola. Munthu amawerengera, ndipo powerengerapo amakumbukira 20 July 2011.

Ambiri m'gulu lino munali ana, ndiye mverani. Mafuta kunalibe, ndalama zakunja kunalibe, boma la Bingu wa Mutharika linali litathamangitsa kazembe wa Britain mu April, aphunzitsi a ku Chancellor College ali pa mkangano wa ufulu wophunzitsa. Amabungwe anakonza chikalata cha mfundo 20, nauza anthu kuti pa 20 July atuluke ku zionetsero atavala zofiira. Pa 19 July anyamata a chipani cholamula anazungulira mu Blantyre pa galimoto za chipani akuonetsa zikwanje, masanasana. Usiku womwewo munthu wina anakatenga chiletso ku khoti. Ndipo apa ndi pamene zinthu zinaonongekera, osati pa mfuti ayi, pa chiletsocho. Kutacha anthu anafika kale m'malo okumanirana, zofiira zili psuu, apolisi n'kumati simuyenda. Atsogoleri ndi maloya athamangira ku khoti kukachotsa chiletso, khamu latsala lokha padzuwa maola ambiri, wolilankhula palibe, wodziwa chikuchitika palibe. Mawailesi omwe sanali aboma analetsedwa kuulutsa zochitikazo pompopompo, ndiye mphekesera ndi zimene zinkayendetsa anthu. Khamu loimitsidwa silikhala chete. Wina waponya mwala, utsi wokhetsa misozi wayankha, anthu amwazikira m'makwalala ndi m'misika, kumene kulibe mtsogoleri ngakhale mmodzi. Ku Lilongwe atolankhani ndi amabungwe ena anathawira pa tchalitchi cha CCAP, apolisi anawatsatira komweko n'kuwamenya. Masitolo anayamba kuthyoledwa, zipolopolo zenizeni zinayamba kulira, mpaka tsiku lotsatira. Anthu 20 anafa. Mzuzu ndi umene unalira kwambiri, ndipo manda a ena mwa iwo ali ku Zolozolo mpaka lero. Pa 20 July pomwepo anthu akuwomberedwa, mtsogoleri wa dziko anali pa wailesi ya boma akupereka phunziro kwa mtundu. Ndiye mayi amene anaika mwana wake kumeneko akamakaniza mdzukulu kupita ku mademo ku Katoto mu Mzuzu, inu muziti ndi mantha?

Chinanso chimene chinapha mtima wa anthu ndi atsogoleri eniakewo, ndipo apa ndisabise, zimanyansa. Mu 2019 anthu anayenda miyezi ndi miyezi chifukwa cha chisankho cha Tippex, kufuna kuti Jane Ansah, amene anali wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho, atule pansi udindo. Asilikali a MDF ankaperekeza anthu pamsewu, ndipo nchifukwa chake khamu linkachuluka, anthu ankadziwa kuti pali wowatchinjiriza. Khoti linafafaniza chisankho pa 3 February 2020, tinavotanso pa 23 June. Zabwino. Koma mtengo wake analipira ndani? Ku Msundwe wapolisi anaphedwa ndi miyala mu October 2019, kenako amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwiriridwa, mpaka khoti linalamula mu 2020 kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipepeso. Mavenda angati anatsala opanda mpamba? Pomwe Timothy Mtambo, amene ankatsogolera HRDC, bungwe lomenyera ufulu limene linkakonza mademowo, analowa unduna boma latsopano litangokhala. Si mlandu kukhala nduna, koma wamba anaona yekha kuti utsi tinapumira limodzi, mpando wakhalapo mmodzi. Lero aliyense woitanitsa mademo anthu amayamba afunsa kuti kodi ameneyu akufuna mpando uti, kapena wadya za ndani. Ena amalengeza tsiku, mawa lake ayitanidwa ku zokambirana, mkuja mwamva kuti zaimitsidwa, chifukwa chake osanena. Onjezani anyamata a zikwanje aja amene anavulaza womenyera ufulu Sylvester Namiwa pa zionetsero ku Lilongwe mu June 2025, apolisi ndi asilikali ali pomwepo. Munthu aziika khosi lake pamenepo chifukwa cha positi?

Komabe ngati mukukonza zanu, pitani, kukhala chete sikunatsitsepo mtengo wa chimanga. Kungoti chitani mwadongosolo. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko limakupatsani ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, opanda zida. Simupempha chilolezo, mumadziwitsa. Lamulo la apolisi la 2010 limati mulembere DC (bwanamkubwa), kope lipite kwa mkulu wa polisi wa deralo, pasanachepere maola 48 komanso osapitirira masiku 14 tsikulo lisanafike. M'kalatamo mukhale dzina la wotsogolera ndi womutsatira, cholinga, tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, pokumanirana, msewu wonse, chiwerengero chimene mukuyembekeza ndi anthu osungitsa bata. Kope lanu adindepo chidindo ndi deti, mulijambule pa foni, chifukwa m'mawa wa tsikulo mudzauzidwa kuti kalata sitinaione. Loya akhale wokonzeka usiku wonse wa dzulo lake, ziletso zimabwera usiku. Musalonjeze anthu kuti tikathera pa geti la State House, lamulo lomwelo limaletsa kufika mkati mwa mamita 100 a nyumba ya mtsogoleri, Nyumba ya Malamulo kapena khoti popanda chilolezo. Ndipo dziwani kuti katundu wa anthu akaonongeka, lamulo limalola kuti okonza zionetsero asumiridwe. Dzina lili pa kalata lija ndi limene lidzaitanidwe.

Yambani pa nthawi imene mwanena. Mwati 8 koloko, nyamukani 8 koloko ngakhale muli 200, ena akupezani panjira. Kudikirira kuti tichuluke ndi kumene kumapatsa mpata oledzera ndi otumidwa. Osungitsa bata avale maliflekita, ena kutsogolo, koma ambiri m'mbali ndi kumbuyo, chifukwa wothyola sitolo sayenda kutsogolo komwe kuli makamera. Nthawi yoopsa kwambiri ndi chikalata chikaperekedwa. Atsogoleri amakwera galimoto, khamu n'kubwerera lokha wapansi kudutsa mumsika, njala ili m'mimba. Atsogoleri abwerere ndi anthu mpaka amwazikane.

Inuyo panokha: nsapato zotseka, botolo la madzi, kansalu, chiphaso, nambala ya wachibale yolembedwa pamkono poti foni imatayika. Mwana kumbuyo ayi, wa mphumu ayi. Legeni, mpeni, ngakhale wosendera mbatata, zisiyeni kunyumba. Musadzole mafuta kumaso, utsi umamatirira pamenepo, ndipo zopaka mankhwala otsukira mano zija sizithandiza. Utsi ukakupezani musatikite m'maso, thirani madzi ambiri, yendani molowera kumene mphepo ikuchokera, ndipo kachitini ka utsiko musakatole ndi manja, kamawotcha. Mukagwidwa musalimbane, musasaine chimene simunawerenge, belo ya apolisi ndi yaulere ndipo ayenera kukufikitsani ku khoti pasanathe maola 48.

Koma ngati muli ndi kashopu m'mbali mwa msewu umene adutse, iwalani zonse ndanenazi. Samutsani katundu dzulo lake madzulo, mukhome, mukhale pafupi ndi chitseko chanu mpaka dzuwa lilowe.