Dzina la bizinesi ndi laputopu yogwirira ntchito

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa pa Chitakale, ndimakonza makadi a ukwati ndi zikwangwani za masitolo. Bizinesiyi ndiitche chiyani, nanga ndigule laputopu yotani?

YANKHO: Achemwali, dzina lili pakhomo panu pomwepo. Ine ndikadatenga Mkungudza, mtengo wonunkhira wa m'phiri la Mulanje. Sapitwa, dzina la nsonga ya phirilo, limakoma kutchula, koma tanthauzo lake siliitana kasitomala. Mukasankha, kalembetseni ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi musanasindikize malisiti.

Laputopu ndiye musaumire. Pezani ya Core i5 (mtundu wa purosesa, ubongo wa kompyuta), RAM (memori yoyendetsera mapulogalamu) ya 16GB ndi SSD (chosungira mafayilo chothamanga), chifukwa Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi, imakwawa pa RAM ya 4GB. Mukakagula yogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe, izuleni kumagetsi muone mmene batire likutsikira. Kenako tsegulani tsamba loyera, muyang'anitsitse madontho pa sikirini musanapereke ndalama.