Aganyu, njomba ndi "kwa duu": kuyankha kalata ya mayi wina wa ku Mzuzu

Mayi wina wandilembera kuti amuna awo akatsegula wailesi kumvera mpira Loweruka masana, mayiwo samva kanthu ngakhale owulutsa akuyankhula Chichewa. Akufunsa kuti aganyu ndi ndani, njomba n'chiyani, ndipo kodi mawu oterewa sakuwononga chiyankhulo chathu?

Mayi, zikomo polemba. Tiyambe ndi aganyu, poti m'pamene pali nkhani. Mukudziwa kuti waganyu amalima munda wa eni. Kumpira n'chimodzimodzi. Tinene kuti Bullets, yomwe ochemerera ake amaitcha Maule, ikusewera ndi Silver Strikers pa Kamuzu Stadium. Mupeza gulu la ochemerera Wanderers, Manoma amene, litakhala mbali ya Silver, likuimba ndi kuvina koposa eni timu. Silver sakuikonda ayi, akungofuna kuti Maule agwe. Sabata yamawa Manoma akamasewera, a Maule nawo amakagwira ganyu yemweyo. Mkangano wa Bullets ndi Wanderers, matimu awiri a mu Blantyre amenewa, ndi wakale, unayamba m'zaka za m'ma 1960.

Njomba ndi pamene wosewera wanamiza mnzake ndi thupi kapena phazi, akuoneka ngati apita kumanja koma n'kudutsa kumanzere, winayo n'kutsala ali chilili kapena atakhala pansi. Timati wamudyetsa njomba. Chigoli nachonso timamwetsa, ndipo goloboyi amene zamudutsa timati wamwa. "Kwa duu" ndiye kuti timu inayo sinagoletse olo chimodzi: ziwiri kwa duu ndi 2-0. Akalepherana, palibe wapambana. Mukamva za ntchemberembaye, akunena mpira wamanja, wa Malawi Queens uja.

Zoti akuwononga chiyankhulo, ine ndikukana ndithu. Penate, kona ndi ofusayidi tinabwereka, inde, koma njomba ndi ganyu n'zathuzathu, ndipo zimanena zomwe mawu a m'buku la malamulo sangathe. Mu Januwale 2022, Gabadinho Mhango wa Flames, timu ya dziko lathu, atamasula chimzinga chochokera kutali kugoletsa Morocco ku Cameroon, anthu m'mashowo a kanema sanafunefune mawu, anakuwa m'Chichewa chomwechi, ngakhale Flames inadzagonja 2-1.

Chimene chimandinyansa ine ndi owulutsa amene amathira Chingerezi chiganizo chilichonse pamene mawu athu alipo, kuiwala agogo amene akumvera kumudzi. Loweruka likubwerali khalani nawo pafupi bambowo, ndipo liwu likakudutsani afunseni nthawi yopumulira, chifukwa mpira uli mkati sangakuyankheni.